Mapazi Otsala Pansi pa Simenti

Alamu anga a Otilia Taimal asunga kiyi wa holo ya mudzi wathu wa El Aliso kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo palibe amene anawasankha. Ali mtsikana wongokwatiwa kumene, atcheyamani a nthawi imeneyo anawapatsira kiyiyo kuti akatsekule chitseko, poti eni akewo kachasu wa nzimbe anali atawafooketsa mawondo. Kiyi sanabwererenso. Mpaka lero ali pa chingwe cha m'khosi mwawo, pamodzi ndi korona.

Ndi mayi wamfupi, wa chipewa chakuda chimene sindinachionepo chili chatsopano. Mawu awo amachita kuwaumira ngati mchere wa pa chilala. Anakwatiwa ndi achimwene anga a Clímaco, oimba ng'oma yaikulu pa zikondwerero zonse za kuno, munthu woseka mpaka ng'ombe za tsidya kutembenuka. Ine ndine Ulpiano Chalapud, mmisiri womanga nyumba. Ndine wosachedwa kupsa mtima, ndipo zimenezi sindikana.

Holoyo anaimanga makolo athu. Makoma ake anali a mdindo, pansi pake pozira. Maukwati, misonkhano ya madzi, magule a mwezi wa June, kugona pa maliro, zonse zinkachitikira mmenemo. Madzulo alionse dzuwa lisanalowe, a Otilia ankawaza madzi pang'ono, n'kusesa akubwerera chambuyo kuyambira kukhoma la kumapeto mpaka pakhomo, kuti ngakhale phazi lawo lisatsalemo. Akatero ankakhoma. M'mawa asanakame ng'ombe ankabwera, kutsekula, n'kuima pakhomo osalowa, maso ali pa fumbi.

Aliyense kuno amadziwa kuti munthu akatsala pang'ono kufa amayamba watolera mapazi ake. Thupi limakhala lili gone pa bedi, koma mwini wakeyo amayendera monse mmene anapondamo pa moyo wake, kumunda, kuchitsime, kutchalitchi, kutola phazi lililonse, ndipo sachoka asanamalize. Pa udzu ndi pa miyala sipaoneka kanthu, timangomva agalu. Koma pa fumbi losesedwa bwino la m'holo mapaziwo ankaoneka, opanda nsapato, onse oloza kuchitseko.

A Otilia ankadziwa phazi la munthu aliyense m'mudzi muno. Ankadziwa wa zala zotayana, wa chidendene chong'aluka, wokokera mwendo. Koma dzina sankatchula. Akaona mapazi ankangowasesa, kupita kunyumba kukaviika chimanga cha anthu a pa maliro, kenako n'kutsetserekera ku golosale ya a Nabor Inguilán kukagula makandulo. Basi mudzi wonse unkadziwa kuti pali wina. A Nabor ankati akaona chipewa chija chikubwera ankayamba kudzigwiragwira pachifuwa.

Chaka china mkulu wina amene ankatsokomola kwambiri anawapititsira nkhuku yoikira mazira, kuwapempha kuti angomuuza ngati anali iyeyo. Iwo anamubwezera nkhuku yake. Mkuluyo anakhalanso zaka khumi ndi ziwiri, amene anamwalira sabata imeneyo anali mtsikana wa pakati amene sanadwale n'komwe. Ine ndikakumana nawo kumtsinje ndili wosavala nsapato, ndinkabisa zala m'matope. Iwo ankangoti, "Musavutike alamu, mapazi anuwo ndinawaloweza kalekale."

Kenako holo inayamba kutha. Achinyamata anatsikira kumizinda ndi kuminda ya maluwa ya ku Ecuador, otsala tinali nkhalamba ndi mbatatesi zathu. Denga linagwa mbali imodzi, khoma la kumpoto linang'aluka moti mphaka ankalowerapo. Misonkhano tinkachitira pakhonde pa golosale, magule anatha. A Otilia okha ndi amene sanasiye. Ankatchera zidebe modontha, n'kumasesabe mbali youma tsiku ndi tsiku.

A Nabor atakhala atcheyamani a komiti analemba makalata zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka bungwe lina lachifundo la mumzinda wa Pasto linayankha. Linatitumizira injiniya, mayi Maritza, wa nsapato za mphira zazikulu kuposa miyendo yake. Anali munthu wabwino, ndipo amene anganene zoipa za iye akumane ndi ine. Anati bungwe lipereka malata, simenti, magalasi a mazenera, mipando ndi makina osokera, ife tipereke manja. Woyang'anira ntchito anasankha ine. Ndinakana kamodzi kokha mwaulemu, mtima uli dyokodyoko.

Pa msonkhano wogwirizana za ntchitoyo, a Otilia anakweza dzanja. Anthu anatembenuka, poti chiyambire anali asanayankhulepo pa gulu.

"Denga konzani, makoma konzani," anatero. "Pansi pokha musiye."

"Pansi ndiye poyamba kukonza, mayi," anayankha Maritza akumwetulira. "Fumbi limadwalitsa ana chifuwa."

"Nanga anthu akamatolera mapazi adzawapeza bwanji?"

Maritza anayang'ana a Nabor kuti amuthandize. A Nabor anachita manyazi ngati mlendo waona kabudula wong'ambika pa chingwe. Ine ndi amene ndinatsekula pakamwa, ndipo ndinafuna kuti anthu aseke.

"Alamu, akufawo tiwagulire nsapato, azigogoda pa simenti ngati aphunzitsi. Inuyo tikupatsani mopu, msana upumeko."

Anthu anaseka chikhakhali. A Clímaco ndiye anaseka mpaka kutsamwa, akumenya bondo la mkazi wawo. A Otilia anatsitsa dzanja.

Simenti tinathira pa dima la mudzi wonse. Amuna ankasakaniza, amayi ankatunga madzi ndi kuwotcha mbira, mbatatesi zili mbwee m'mabeseni. Ine ndinasalaza ndekha, chogwada, kuyambira kukhoma mpaka pakhomo, n'kuthira utoto wofiira pamwamba. Masiku atatu ndinalondera pakhomo ndi chikwapu kuopa agalu ndi nkhuku. Itauma inkawala moti munthu ankaona chibwano chake. Panja ndinayala timiyala takuda tochokera ku mgodi wa kumunsi kwa msewu, kuzungulira holo yonse. Pa ntchito zonse za manja anga, imeneyi ndiye ndinkaitchula ndikaledzera.

Holo inadzukadi. Makina osokera asanu ndi limodzi ankalira m'mawa mpaka masana. Namwino ankabwera mwezi ndi mwezi kudzayeza ana, pakona panali shelefu ya mabuku, ndipo Loweruka gule anabwerera. Mabanja awiri anabwerako ku Ecuador. A Otilia analandira mopu wawo n'kumakolopa bwinobwino, koma m'mawa ankabwerabe kudzaima pakhomo, kuyang'ana pansi pofiira paja popanda choona. Panatha miyezi isanu ndi inayi popanda maliro m'mudzi. Tinkaseka kuti simenti yatseka imfa panja, ndipo a Nabor ankadandaula kuti makandulo akuchita nkhungu.

Mwezi wa March a Clímaco anayamba kukana chakudya. Tinapita nawo kuchipatala ku Ipiales, kumene anawaunika m'mimba, n'kutiuza mosabisa kuti tibwerere nawo kwathu, sapitirira masabata awiri. Mwana wawo Nohemí anabwera kuchokera mumzinda kudzadwazika. Wansembe anakwera phiri kudzawadzoza mafuta. Bokosi linakhomedwa, tinaliika kuseri kwa nyumba titalifunditsa pepala la pulasitiki.

Masabata awiri anatha. Mwezi unatha. Unatha wachiwiri, wachitatu n'kulowa. Munthu sankadya, sankamwa, Nohemí ankangowanyowetsa milomo ndi kansalu. Anatsala mafupa okhaokha, koma kubuula kwawo kunkamveka mpaka pamsewu, ndipo anthu anayamba kulambalala njira imeneyo. Wansembe anabweranso kachiwiri, potuluka sanafune ngakhale khofi. Chimene chinkaopsa kwambiri chinali miyendo. Thupi lonse linali phee, koma pansi pa bulangete mapazi ankangoyenda, lamanzere, lamanja, osapuma.

Nthawi yomweyo amayi osoka anayamba kumva zinthu. Dzuwa lili paliwombo, pa timiyala tanga panja pankamveka munthu akuyenda pang'onopang'ono. Ankazungulira holo, kufika pakhomo, kuima. Chitseko chili chotsekula, kunja kukuwala, pakhomo palibe munthu. Kenako ankayambanso kuzungulira. Makina ankasiya kulira limodzi limodzi mpaka m'holo muli zii.

"Ndi malata amenewo," ndinawauza. "Malata atsopano amalira akamva dzuwa. Mwakalamba ndi denga la matailosi a dothi, mungadziwe chiyani?"

"Malata anu ali ndi zidendene, a Ulpiano?" anandifunsa mayi wina akupinda nsalu yake.

Galu wanga, amene amanditsatira ngakhale kutchalitchi, anayamba kukhala pansi patali tikayandikira holo.

Tsiku lina m'mawa a Otilia anandipeza ndikusenga udzu wa mbira. Sanalonjere.

"Alamu, kaswenitu simenti ija."

"Mwati chiyani?"

"Achimwene anu atolera kumunda, atolera kuchitsime, atolera kutchalitchi. Kwatsala m'holo. Zaka makumi asanu akupondamo."

Ndinapsa mtima, ndipo ndinayankhula zambiri. Ndinati anthu achifundo anatipatsa chinthu, ife tikachiphwanye ndi nyundo chifukwa cha maloto a nkhalamba? Ndinati mawa lino akatifunsa tidzati chiyani, ndani adzathandizenso mudzi wa amisala? Ndinati matenda a m'mimba ndi otero, amachedwa. Zonsezi ndinkanena, koma mumtima ndinkangoona pansi panga pofiira.

Iwo anandidikira kuti ndimalize. "Chabwino," anatero. "Ndiye tiyeni mukawasambitse mapazi lero. Ine manja atopa."

Ndinapita, poti mlamu akakupempha kuti ukasambitse m'bale wako sungakane. M'chipinda munkanunkha mankhwala ndi bulugamu. Nohemí anandipatsa beseni ndi nsalu, n'kutuluka msanga. Ndinakweza bulangete kumiyendo.

Munthu amene sanatsike pa bedi miyezi itatu amakhala ndi mapazi ofewa ngati a khanda. A achimwene anali ong'ambika, a magazi ouma ndi ena atsopano. M'ming'alu munali mutalowa timiyala takuda. Ndinachotsa kamodzi ndi chikhadabo, n'kukayang'anira pa zenera. Kumtunda kumene amakhala a Clímaco kuli dothi lofiira lokhalokha. Timiyala timeneti ndinatisankha ndekha ku mgodi, ndinatinyamula ndekha pa wilibala.

Mapaziwo ankayendabe m'manja mwangamo. Kenako achimwene anatsekula maso, ndipo anandizindikira.

"Ulpiano," anatero ndi mawu a mphepo yokha. "Chitseko n'chotsekula, koma pansi sindikupapeza."

Kutacha ndinali pakhomo pa holo ndi nyundo yaikulu ndi piki. A Otilia anabwera ndi khala m'manja. Analowa, kuwerama, n'kujambula mizere iwiri pa simenti, kuyambira pakhomo, kudutsa pakati, mpaka kukhoma la kumanja pamene pankakhala benchi ya oimba. Sanakayike paliponse, ngakhale pamene njirayo inkakhota pang'ono kuzemba nsanamira imene tinaichotsa kale.

"Umu ndi mmene ankayenda. Musaswe mopitirira."

Kumenya koyamba ndinatsinzina. Simenti yanga inali yabwino, ndinaiona ubwino wake tsiku limenelo, poti inkakana nyundo. A Nabor anabwera akuthamanga, apuloni ya m'golosale ili m'chiuno.

"Ulpiano! Wapenga? Zaka zisanu ndi chimodzi ndikulemba makalata, iwe ukuswa ngati mtedza!"

"Pitani mukaone mapazi a achimwene, mubwere mudzandilande nyundoyi."

Sanapite, koma anaimbira foni Maritza. Iye anafika masana ake, galimoto ili matope okhaokha, ine nditafika pakati. Anaima n'kuyang'ana ngalande imene ndinakumba m'holo yake. Ndinayembekezera kuti alalata. M'malo mwake anafunsa kuti wodwalayo ali kuti, ndipo a Otilia anamutenga. Atabwerako nkhope yake inali itasintha. Anauza a Nabor kuti, "Holoyi tinakupatsani, si yathunso. Asiyeni amalize." Anakhala kanthawi m'galimoto asanailize.

Pofika madzulo dothi lakale linali poyera, lakuda, lonunkha chinyontho. A Otilia analiwaza phulusa kuti liume, n'kusesa chambuyo ndi tsache lawo lakale, limene sindinkadziwa kuti analisunga. Anakhoma.

M'mawa tinaima pakhomo tonse awiri. Kanali koyamba kuti ine ndione ndi maso anga. Mapazi analipo, kuchokera pa benchi kubwera kuchitseko, ambirimbiri, opondana. Lamanzere linali lopanda nsonga ya chala chachikulu, chimene khasu linadula tili anyamata. Ndinavula chipewa. A Otilia anasesa, ndipo tinakwera phiri kukadikira.

Achimwene sanamwalire. Tsiku limenelo linatha, lachiwiri linatha, lachitatu linatha. Kubuula kunakula. Ndipo tsopano mayendedwe aja sankamvekanso panja koma m'kati mwenimweni. Masana ankalowa pakhomo, kutsata ngalande, kufika pa benchi. Akafika pamenepo ankangopondaponda pamalo amodzi, m'mphepete mwa simenti, ngati munthu amene wapeza mtsinje utadzaza. Amayi anafunditsa makina n'kuchoka. Namwino anayezera ana pansi pa mtengo. Holo inakhalanso yopanda anthu kuposa mmene inalili denga litagwa.

"Waswa pansi, wathamangitsa anthu, ndipo m'bale wako akadali pomwepo," anandiuza a Nabor. "Wapindulanji?"

Mawu amenewo ndinakawatula kwa alamu anga, ndi ena anga owonjezera. Ndinawapeza akukama ng'ombe. Ndinati andichititsa manyazi pamaso pa mudzi ndi pamaso pa mlendo. Ndinati zaka makumi anayi akhala akuopseza anthu ndi makandulo, lero zafika pa mwamuna wawo nzeru zatha. Iwo anangotsamiritsa mutu pa nthiti za ng'ombe, mkaka ukulira m'chidebe.

"Mubwere mawa ndi nyundo," anatero.

Tsiku lachinayi m'mawa kunali chifunga. Tinalowa m'holo, iwo ali ndi khala lina. Anayenda m'ngalande mpaka pa benchi, pamene dothi linali litapondedwa mpaka kulimba. Anaima nthawi yaitali. Kenako anawerama n'kuyamba kujambula njira ina, yopapatiza, yotsata khoma, kudutsa pansi pa mazenera awiri, mpaka pakona ya kumapeto pamene tsopano panali shelefu ya mabuku.

Pakona imeneyo kale panali mafuwa a zikondwerero. Zaka makumi awiri, gule aliyense, ukwati uliwonse, amene ankaphika pamenepo anali munthu mmodzi, ndipo sankafuna womuthandiza. Anali Etelvina, mkazi wanga, amene anatisiya zaka zisanu ndi zinayi zapitazo.

"Achimwene ankakatengako khofi," ndinatero.

"Khofi ankawapeza pa benchi. Ndinkapereka ndine."

"Ndiye ankakawotha moto. Manja a woimba ng'oma amazizira."

"Alamu," anatero osandiyang'ana, "njira imeneyi inkachita kukumbika. Chaka ndi chaka ndinkathiramo dothi kuti anthu asaione."

Ndinakhala pansi pa mpando umodzi wa bungwe lija. Ine pa magule ndinkakhala panja ndi anzanga ndi botolo, kukangana za mitengo ya mbatatesi. Ndinkamva ng'oma ikasiya, n'kumati woimba akupuma.

"Bwanji simunajambule tsiku loyamba lija?"

"Ndinasiyako dala." Mawu awo anali omwe aja a masiku onse, koma khala linali litaphwanyika m'dzanja lawo. "Ndinafuna ndione ngati angachoke opanda mapazi amenewa. Ndinati mwina atolera a pa ng'oma, a pa ukwati wathu, n'kukhutira. Masiku atatu ndawazunza bambo a Nohemí chifukwa cha zimenezo. Sangachoke. Ndaona tsopano."

Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinadana nawo nthawi yomweyo chifukwa chondiuza. Koma panali china chimene chinkandiwotcha kuposa zonse.

"Etelvina naye anatolera mapazi ake muno. Munawaona. Anayenda kuchokera pati? Anakafika pa benchi?"

"Sindinauzepo munthu za mapazi a munthu wina."

"Lero mwandiuza!"

"Ndakuuzani za mapazi a mwamuna wanga, chifukwa nyundo ili ndi inu. Mapazi a Etelvina ndi a Etelvina."

Ndinawatukwana. Sindibwereza mawu ake. Iwo anangotola tsache n'kukaima pafupi ndi chitseko.

Chifunga chinayamba kuchoka, dzuwa linalowa pa magalasi. Ndili chikhalire choncho ndinamva pakhomo dothi likulira. Mayendedwe anadutsa pafupi ndi a Otilia, kutsata ngalande, pang'onopang'ono, mwendo umodzi ukukokera. Anafika pa benchi, mikono iwiri kuchokera pamene ndinakhala, n'kuyamba kupondaponda m'mphepete mwa simenti. Ndinkaona fumbi likudzuka pang'ono. Ndinkamva ngakhale kapumidwe, kofanana ndi kaja ka m'chipinda.

Ndinene zoona, poti ndakalamba. Ndinaganiza zonyamula nyundo yanga n'kupita kwathu. Ndinati apondeponde pomwepo mpaka chaka chithe, ayang'ane pakona paja osafikapo, amve mmene zimakhalira. Maganizo amenewo anandikomera, ndipo ndinakhala nawo nthawi yotalika kuposa imene munthu wabwino angakhale nawo. Palibe akanandikakamiza. A Nabor akanandiyamika.

Koma manja anga anali akukumbukirabe mapazi aja m'beseni, mmene ankapepukira, mmene ankayendera osafika. Munthu ameneyu anandibereka kumsana kuwoloka nane mtsinje tikupita kusukulu. Ndinkamuda m'mawa umenewo ngati mmene sindinadepo munthu, komabe anali achimwene anga, ndipo ankavutika.

"Sunthani," ndinauza mphepoyo mokalipa. "Ndingakuphwanyeni zala."

Kupondaponda kunasiya.

Ndinamenya simenti imeneyo ngati ili ndi mlandu. Sindinapume, sindinamwe madzi. Zidutswa zinkauluka mpaka kung'amba galasi limodzi. Ndinakoka shelefu ya mabuku n'kuikankhira pakati. A Otilia ankabwera pambuyo panga, kutola zidutswa, kuwaza phulusa. Nditatukula chidutswa chomaliza pakona, dothi la pansi pake linali lakudabe ndi moto wakale, ndipo fungo la utsi linandifika m'mphuno. Pamenepo ndiye ndinalira, chogwada, nyundo ili pambali.

Alamu anga anandisiya mpaka nditamaliza. Kenako anasesa chambuyo kuyambira pakona mpaka pakhomo, ndipo tinatuluka n'kuima panja, wina uku wina uku, titafulatira chitseko. Dzuwa linali paliwombo.

Tinamva akulowa. Anayenda m'ngalande yoyamba, kufika pa benchi, osaima. Anakhotera kukhoma, ndipo mwendo sunkakokeranso. Mayendedwe anali opepuka, achangu, a munthu wa zaka makumi atatu. Anafika pakona, n'kukhala chete.

Chete ameneyo anatalika. Nkhuku inadutsa, mtambo unaphimba dzuwa n'kuchoka. Ndinafuna kutembenuka.

"Asiyeni," anatero a Otilia, maso ali kuphiri.

Sindikudziwa kuti tinaima nthawi yaitali bwanji. Potsiriza mayendedwe anabwerera, osafulumira, ndipo anadutsa pakati pathu. Mbali ya thupi langa imene inali kuchitseko inazizira ngati ndakhudza chidebe cha m'mawa. Timiyala tinalira kanayi kapena kasanu, basi. Posakhalitsa kumtunda kunamveka mfuu ya Nohemí, ndipo agalu a mudzi wonse anayankha.

Ndinayembekezera kuti alamu anga athamangira kunyumba. Sanatero. Ine ndinali nditatembenuka kale, phazi limodzi lili pakhomo, maso akufunafuna pakona paja. Ndinkafuna kuona zimene zinalembeka pa fumbi, ngati panaima mapazi awiri kapena anayi. Iwo anandigwira pachifuwa ndi mpini wa tsache n'kundikankhira kunja.

"Dikirani panja, alamu."

Analowa n'kutseka chitseko, ndipo ndinamva kiyi akutembenuka m'kati. Nohemí ankaitana mayi ake kuphiri, anthu ankatuluka m'minda akuvula zipewa. Ine ndinatsamira chitsekocho, kumvetsera tsache likuyenda pang'onopang'ono pakona, kubwerera, n'kuyendanso pomwepo.

Atatsekula, fumbi lonse linali losalala. Anakhoma, kubweza kiyi m'khosi, n'kukonza chipewa.

"Tiyeni tikawasambitse," anatero. "Inu mugwire kumiyendo."